Kodi n'zoona kuti abambo sasamala za chilengedwe?

"Ndine mlembi wa kagulu kongodzipereka. Timadzala mitengo, kutola zinyalala ndi kuphunzitsa ana za chilengedwe. M'kaundula tilimo anthu 34, koma abambo ndi 5 okha, ndipo pa tsiku la ntchito kawirikawiri amabwera awiri. Chodabwitsa n'chakuti wapampando ndi msungichuma onse ndi abambo. Mwezi wathawu ndinalemba mafunso 10 n'kufunsa anthu 60 a m'dera lathu, ndipo amene anayankha kuti za chilengedwe zimawadetsa nkhawa ambiri anali amayi. Kunyumba nakonso n'chimodzimodzi: amuna anga amakana kunyamula chikwama chansalu popita kogula zinthu, ati anzawo angawaseke. Ndinamva kuti kafukufuku anatsimikiza kale kuti osamala chilengedwe ndi akazi. Kodi n'zoona? Ngati n'chibadwa, ndivutikirenji ndi abambo? Ndikuganiza zolemba zimenezi mu lipoti lathu, kenaka gululi tilisandutse la amayi okhaokha." Wolemba ndi mayi amene wangosaina kuti Wotopa.

Mayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu yosapita m'mbali. Choyamba, mtima ukhale m'malo. Zimene mukuonazi si za gulu lanu lokha ayi, ndipo si umboni woti ntchito yakukanikani. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikufufuza za kakhalidwe ka anthu m'magulu, ndakhalapo pa misonkhano yambiri ya makomiti ngati yanuyi, ndipo zimakhala zomwezi: amayi ali ndi khasu ndi ndowa yothirira, abambo ali ndi cholembera ndi makiyi a bokosi la ndalama. Kutopa kwanu ndikukumvetsa. Koma pa mfundo yoti n'chibadwa, pamenepo ndiye tisiyana, ndipo lipoti lanulo muyambe mwaliika pambali mpaka mutamaliza kuwerenga.

Amene anakuuzani za kafukufuku sananame kwenikweni. Mu 2000, Lynnette Zelezny ndi anzake awiri anasonkhanitsa zimene ofufuza anapeza kuyambira 1988 mpaka 1998, n'kuwonjezerapo mayankho a anthu a m'mayiko 14, ndipo anaona kuti akazi amanena kuti chilengedwe chimawakhudza kuposa momwe amuna amanenera. Ofufuza ena ambiri apezanso zomwezo. Ku America, Aaron McCright anasanthula mayankho amene bungwe la Gallup linatolera kuyambira 2001 mpaka 2008, n'kupeza kuti akazi ankada nkhawa ndi kusintha kwa nyengo kuposa amuna pang'ono. Anapezanso kanthu kena kamene kamandiseketsa mpaka lero: pa mafunso a sayansi ya nyengo akazi ndi amene ankakhoza bwino, koma akafunsidwa ngati nkhaniyi amaidziwa, odzichemerera anali amuna.

Mawu akuti "pang'ono" aja musawadumphe. Mutatenga amuna 100 ndi akazi 100 n'kuwaimika pa mzere malinga ndi kukula kwa nkhawa yawo, sangaime amuna uku akazi uko. Adzasakanikirana kuyambira kumutu kwa mzere mpaka kumchira, kungoti kumbali ya oda nkhawa kwambiri akazi adzachulukirapo. Mwamuna wina adzaima patsogolo pa akazi ambirimbiri, mkazi wina adzapezeka kumapeto kwenikweni. Ku America komweko, mukafuna kulosera maganizo a munthu pa za nyengo, kudziwa chipani chimene amatsatira kungakuthandizeni kwambiri kuposa kudziwa kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Olemba mitu ya nkhani amachotsa "pang'ono" uja poti sagulitsa nyuzipepala, n'chifukwa chake nkhaniyi inakufikani ngati chigamulo cha khothi.

Chikhala kuti n'chibadwa, bwenzi tikuchipeza paliponse mofanana, monga ndevu zimamerera amuna kulikonse. Sizili choncho. Ku China, Chenyang Xiao ndi Dayong Hong anapeza mu 2010 kuti amuna ndi amene ankaonetsa nkhawa yochuluka, ngakhale kuti ntchito za pakhomo zosamalira chilengedwe ankachita kwambiri ndi akazi. Mu 2023 Sarah Bush ndi Amanda Clayton, ataunika mayankho ochokera m'mayiko ambiri, anaona kuti mpata wa pakati pa amuna ndi akazi umakula dziko likamalemera. M'mayiko osauka amuna ndi akazi amada nkhawa pafupifupi mofanana. M'mayiko olemera nkhawa imatsika kwa onse, koma imatsika kwambiri kwa amuna, poti iwo amaona kuti ndiwo adzataye zambiri dziko likasiya kudalira malasha ndi mafuta: ntchito, ndalama, ndi moyo umene anauzolowera. Chinthu chimene chimakula ndi kuchepa potsatira chuma cha dziko sitingachitche chibadwa.

Nanga chimachititsa n'chiyani? Chimene ine ndimachiika patsogolo ndi kagawidwe ka ntchito. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Lipoti la WHO ndi UNICEF la mu 2023 linati pa mabanja 10 alionse amene alibe madzi pakhomo, m'mabanja 7 okatunga amakhala amayi ndi atsikana. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerengera mu 2018 kuti pa maola 100 alionse a ntchito yopanda malipiro yosamalira ana, odwala ndi pakhomo padziko lonse, maola 76 amagwira ndi akazi. Wotunga madzi ndiye amayamba kudziwa kuti chitsime chatsika. Amene wachezera usiku wonse pambali pa mwana wotsokomola sadikira pulofesa kuti amuuze kuipa kwa utsi. Debra Davidson ndi William Freudenburg, ataunika kafukufuku wambiri mu 1996, anaona kuti kusiyana kwa amuna ndi akazi kumaonekera kwambiri pa zoopsa zapafupi zokhudza thanzi ndi chitetezo, monga malo otayira zinyalala zapoizoni pafupi ndi nyumba za anthu, ndipo kumachepa funso likakhala la chilengedwe chongotchula. Kaleredwe kamalowanso pomwepa. Mtsikana amaphunzitsidwa adakali wamng'ono kuganizira ena ndi kutola zimene ena ataya, pamene mlongo wake akuwomberedwa m'manja chifukwa chosaopa kanthu.

Katswiri wa zachuma wa ku India, Bina Agarwal, anaikamba bwino nkhaniyi mu 1992. Nthawi imeneyo kunali kutatchuka maganizo oti mkazi, pokhala wobereka, ali pa ubale wapadera ndi dziko lapansi. Iye anakana. Mfundo yake inali yoti tiziyang'ana amene amatola nkhuni, amene ali ndi malo, ndi amene amalamula. Mkazi wolemera wokhala ndi antchito ndi mkazi wosauka woyenda mtunda kukafuna nkhuni onse ndi akazi, koma nkhalango ikatha wolira ndi mmodzi. Mawu oti amayi ndi osamala mwachibadwa amakoma m'khutu ngati chiyamikiro, komatu ndi mawu omwewo amene anthu amagwiritsa ntchito posenzetsa amayi ntchito ina yaulere pamwamba pa imene asenza kale.

Palinso nkhani ya mphamvu. Pa kafukufuku amene anafalitsidwa mu 1994, James Flynn, Paul Slovic ndi C. K. Mertz anafunsa anthu oposa 1,500 ku America kuti anene kuopsa kwa zinthu 25 zosiyanasiyana. Poyamba zinaoneka ngati nyimbo yakale ija, amuna saopa, akazi amaopa. Atagawa mayankho potengera mtundu wa anthu, zinasintha: amuna akuda ndi a mitundu ina ankayankha pafupifupi mofanana ndi akazi. Opatuka anali amuna achizungu, ndipo ngakhale pakati pawo anali pafupifupi 30 pa 100 alionse amene ankaona chilichonse ngati chosaopsa. Amenewa anali ophunzira kwambiri, opeza bwino, ndi okhulupirira akuluakulu oyendetsa zinthu. Chimene ine ndinatolapo n'chakuti munthu amene zinthu zikumukomera, wodziwa kuti zikavuta ali ndi pothawira, sachedwa kunena kuti palibe choopsa.

Tsopano tibwere ku chikwama cha bambo akunyumba. Musawaseke, chifukwa akunena zoona, anzawo angawasekedi. Mu 2016 Aaron Brough ndi anzake anachita zoyesa zingapo ku America ndi ku China. Pa china mwa izo, anthu ankauzidwa za munthu wolowa m'sitolo ndi chikwama chansalu ndi wina wotenga jumbo ya pulasitiki, ndipo amuna ndi akazi omwe ankaweruza kuti wa chikwama chansaluyo ali ndi makhalidwe achikazi. Pa china, bungwe longopeka loteteza chilengedwe linapatsidwa maonekedwe awiri, ena a mtengo wobiriwira, ena a mmbulu wolira wojambulidwa pa utoto wakuda, ndipo amuna anakopeka kupereka ndalama ku la mmbulu. Pa malo ogulitsira galimoto za BMW ku China, amuna anaikonda kwambiri galimoto yoyendera mafuta ndi magetsi pamene mawu oitsatsa anasinthidwa kuchoka pa kukonda chilengedwe kupita pa chitetezo. Galimoto yake yomweyo.

Zoyesa za mtundu uwu sindizitenga ngati lamulo, poti zimachitika pa anthu ochepa, a m'mayiko ochepa, kwa mphindi zochepa. Koma zikugwirizana ndi zimene ndaona ndi maso angawa. Ndinachezapo ndi bambo wina wachikulire amene pa msonkhano wa gulu sanalankhule kanthu, anangokhala kumbuyo chipewa chili pabondo. Pobwerera tinayendera limodzi, ndipo anandilowetsa kuseri kwa nyumba yake. Kumeneko kunali timitengo tambirimbiri m'zitini zakale ndi m'mabotolo odula pakati, tondandalikidwa pamthunzi, tina totchinga ndi ukonde wong'ambika kuti nkhuku zisafukule. Ankathirira mbandakucha anthu asanadzuke. Nditamufunsa chifukwa chake sapita nato ku gulu, anaseka n'kunena kuti kumeneko n'kwa azimayi, iye akakhala pati. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kwa amayi a gulu lija, bamboyo anali m'modzi wa osasamala.

Apa ndiye tafika pa mafunso anu 10. Mwachita bwino kufunsa m'malo mongoganizira, ambiri safika pamenepo. Koma pepala la mafunso limangogwira zimene munthu wanena, ndipo pakamwa ndi manja siziyendera limodzi nthawi zonse. Mu 2014 Christine Kormos ndi Robert Gifford anasonkhanitsa kafukufuku woyerekeza zimene anthu ankanena kuti amachita posamalira chilengedwe ndi zimene anapezeka akuchitadi, monga zoonekera pa mamita a madzi ndi magetsi. Zinkagwirizana ndithu, koma mwapakatikati chabe. Ndiye taganizani za mafunso anu. Wofunsa ndinu, mayi wodziwika dera lonse kuti ndi mlembi wa gulu la chilengedwe. Mayi mnzanu akudziwa yankho limene likusangalatseni, akudziwanso kuti mkazi amayembekezeka kuoneka wachifundo. Bambo akuona kuti kunena kuti "ndili ndi nkhawa" pamaso pa mkazi wa mnzake n'kudzichotsa ulemu. Onse awiri akhoza kupotoza pang'ono, wina kukweza wina kutsitsa. Ndipo anthu 60 aja munawapeza kuti, nthawi yanji? Ngati munayenda khomo ndi khomo masana, abambo amene munawapeza sakuimira abambo onse.

Ine ndinagwapo m'dzenje lomweli nditangoyamba ntchito. Ndinalemba mafunso okhudza zochita: kodi madzi ochapira mumawagwiritsanso ntchito, kodi zinyalala mumazisiyanitsa, kodi moto mumazimitsa mukatha kuphika. Akazi anapambana kutalitali, ine n'kumadziona ngati ndatulukira chinthu. Amene ankandiyang'anira anangowerenga pepalalo kamodzi n'kundifunsa kuti, "Kodi mwafunsa za chilengedwe kapena za kukhitchini?" Munalibe funso ngakhale limodzi la kukonza chinthu chowonongeka m'malo mogula chatsopano, kumanga mpopi wodontha, kukumba ngalande zoletsa nthaka kukokoloka, kapena kukadandaula kwa akuluakulu. Ndinachita manyazi, koma ndinaphunzira. Lori Hunter ndi anzake, pounika mayiko 22 mu 2004, anapeza kuti akazi amaposa amuna makamaka pa zochita za pakhomo, pamene pa zapagulu, monga kulowa bungwe kapena kuchita zionetsero, kusiyanako sikuonekera kwenikweni. Paul Mohai anali ataona kale mu 1992 kuti akazi a ku America, ngakhale ankada nkhawa kwambiri, ankatenga mbali mochepa pa zomenyera chilengedwe pagulu. Tabwererani ku mafunso anu aja, muwerenge kuti ndi angati amene akufunsa za ntchito imene kwanuko imagwiridwa ndi akazi okha.

Musaganize kuti ndikuikira abambo kumbuyo. Tikasiya zonena n'kuyang'ana zowononga, mbiri yawo sikoma. Ku Sweden, Annika Carlsson Kanyama ndi anzake anayerekeza mu 2021 amuna ndi akazi okhala okha, ndipo anapeza kuti zogula za amuna zinkatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wochuluka ndi 16 pa 100 alionse, pamene ndalama zimene ankawononga zinkangoposa za akazi ndi 2 pa 100 alionse. Chachikulu chinali mafuta a galimoto. Komanso mwamuna wosamala mumtima koma wosabwera kudzagwira khasu sakuthandizani kanthu Loweruka m'mawa. Mlandu ali nawo. Ndikungokana zoti anabadwa nawo, chifukwa chimene munthu anachita kuphunzira akhoza kuchisiya.

Chimene chandigwira mtima kwambiri m'kalata yanu ndi chiganizo chimene mwangochidutsa mothamanga: wapampando ndi msungichuma onse ndi abambo. Amayi 29, abambo 5, mipando iwiri yamphamvu ili kwa asanuwo. Anawasankha ndani? Mwina ndi amayi omwewo, ndipo ndikudziwa momwe zimakhalira. Dzina likaponyedwa, mayi amayang'ana pansi n'kunena kuti "ine ayi, nthawi ndilibe," ndipo sakunama. Koma apa m'pamene kafukufuku ali ndi mawu olimba kuposa pa nkhani ya nkhawa ija. Agarwal yemwe uja anafufuza magulu 135 osamalira nkhalango ku Gujarat m'dziko la India ndi ku Nepal, n'kufalitsa zotsatira mu 2009. Magulu amene m'komiti yawo yaikulu munali akazi ochuluka, nkhalango zawo zinkabwerera bwino kuposa za ena. Akaziwo ankadziwa mitengo imene imathyoledwa ndi njira zimene othyola amadzera, ankalondera, ndipo malamulo amene anapanga nawo ankawatsatira. Anaonanso kuti mkazi mmodzi kapena awiri m'komiti yodzaza amuna kawirikawiri amangoti duu. Amayamba kulankhula momasuka akakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena atatu a komitiyo. Mu 2019 Nathan Cook, Tara Grillos ndi Krister Andersson anayesa zofanana ndi anthu 440 odalira nkhalango ku Indonesia, Peru ndi Tanzania, kudzera m'masewera oyerekeza kudula mitengo ndi kugawana ndalama. Magulu amene theka kapena kuposerapo anali akazi anasiya mitengo yambiri, ndipo ndalama anagawana mwachilungamo kuposa enawo. Amayi ogwira khasu muli nawo okwanira. Amene akusowa m'gulu lanu ndi amayi osainira ndalama ndi otsekulira msonkhano.

Gulu la amayi okhaokha si maganizo oipa, ndipo sindikuletsani. Ku Nepal, Agarwal anapeza kuti magulu a akazi okhaokha ankapatsidwa nkhalango zing'onozing'ono ndi zoguga kale, koma ankazidzutsa kuposa magulu ena. Green Belt Movement imene Wangari Maathai anayambitsa ku Kenya mu 1977 inaima pa akazi akumidzi odzala mitengo, mpaka iye analandira mphoto ya Nobel mu 2004. Koma pali ziwiri zoti muzione. Amayi a m'gulu la Maathai ankalandira kangachepe pa mtengo uliwonse umene wapulumuka, thukuta lawo silinkawerengedwa ngati laulere. Ndipo a ku Nepal aja ankapatsidwa zoguga. Ndi zimene zimachitika kawirikawiri: gulu likangotchedwa la amayi, limalandira malo otsala, thandizo lochepa, ndi mawu okoma ambiri pa tsiku la chikondwerero. Abambo a m'dera lanu mudzakhalanso mutawapatsa kalata yowamasula, azidzati za zinyalala ndi mitengo n'za azimayi, anena okha. Odula, ootcha, oyendetsa galimoto zotaya zinyalala mumtsinje, ovomereza kuti pamalo pamangidwe, ambiri a iwo adzakhala kunja kwa mpanda wanu. Ngati chimene mukufuna ndi malo oti amayi azilankhula momasuka, mukhoza kukhala nawo mkati mwa gulu lomweli. Amayi azikumana okha msonkhano waukulu usanachitike, agwirizane mfundo ndi mayina oti aime pa chisankho, n'kulowa atamanga chimodzi.

Za lipoti, chonde musalembemo kuti abambo sasamala. Kupatula kuti umboni wanu sukukwana, chiganizo chotere chimabala zomwe chikudandaulazo. Robert Cialdini ndi anzake anayesa zikwangwani ku Petrified Forest ku Arizona, kumene alendo ankaba tizidutswa ta mitengo yamakedzana yosanduka miyala. Pamene panaikidwa chikwangwani chodandaula kuti alendo ambiri amaba, panabedwa zambiri kuposa pamene panali chongopempha kuti musatenge. Munthu akamva kuti aliyense amatero, amamva ngati wapatsidwa chilolezo. Cialdini yemweyo anali atapeza mu 1990 kuti anthu sachedwa kutaya zinyalala pamalo pamene pali kale zinyalala. Mukalengeza kuti amuna sabwera, mnyamata amene amaganiza zobwera amva kuti mwamuna weniweni sabwera. Lembani zimene munawerengadi: anabwera angati, anagwira ntchito yanji, kwa maola angati, ndani ali pa mpando uti. Manambala amenewo palibe angawatsutse. Abambo awiri obwerawo atchuleni, ndipo pa zithunzi aoneke akuthirira, osati akulankhula.

Poitana abambo, chimene ndaona chikuthandiza ndi kupempha munthu mmodzi ntchito imodzi yooneka mapeto ake. "Bwerani tidzasamale chilengedwe" sikoka aliyense. "Bambo, mpanda wa nazale wagwa, mungabwere Loweruka ndi hamala yanu?" kumakoka, makamaka wopemphayo akakhala mwamuna mnzake. Akabwera kawiri katatu manyazi aja amatha okha, poti waona amuna ena ali pomwepo. Koma pali msampha, ndipo ndaona magulu akukodwamo. Njira ya mmbulu ija, yopaka chilengedwe utoto wachimuna kuti amuna asachite manyazi, imathandiza lero, komabe imavomereza bodza lomwe lija loti zachikazi n'zochititsa manyazi. Mukapanda kusamala mudzapeza abambo atatenga ntchito za hamala za tsiku limodzi, amayi atatsala ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo chilimwe chonse. Hamala ikhale polowera chabe. Pa ndandanda yothirira pakhale mayina a onse, kuyambira la wapampando.

Kunyumba, chikwama chisakuyambanitseni. Afunseni bambo chimene chimawapweteka iwo akachiona chikuwonongeka, mwina ndi mtsinje umene ankasambira ali mwana, mwina ndi bilu ya magetsi, ndipo muyambire pamenepo. Ngati vuto ndi maluwa a pa chikwamacho, chakuda chopanda maluwa chiliponso, ndipo kuwagulira si kugonja.

Pali pamene nkhaniyi imaposa malangizo anga. Ngati lipoti lanu likupita kwa opereka thandizo kapena ku boma, ndipo mukufuna kunenamo za maganizo a anthu a dera lonse, pezani wodziwa za kafukufuku, kaya mphunzitsi wa pa yunivesite kaya wophunzira wa digiri yachiwiri, akuonereni mafunso, kasankhidwe ka ofunsidwa, ndi nkhani yopempha chilolezo ndi kusunga chinsinsi cha oyankha. Ine ndikanakhala inu, amuna akanafunsidwa ndi mwamuna, akazi ndi mkazi, aliyense payekha. Ngati pa chisankho kapena poona mabuku a ndalama pabuka mkangano, musalimbane nokha ndi msungichuma. Itanani mkhalapakati wochokera kunja kwa gulu amene mbali zonse zimamulemekeza, ndipo malamulo a gulu alembedwe papepala. Ngati kunyoza kwa kunyumba kutafika poti mukuletsedwa kupita ku misonkhano, kulandidwa ndalama, kuopsezedwa kapena kumenyedwa, imeneyo ndi nkhanza, ndipo musazengereze kupita kwa alangizi a za mabanja, ku mabungwe othandiza ochitiridwa nkhanza kapena kupolisi. Dzina limene mwasainira kalatayi nalonso sindinalidumphe. Anthu ongodzipereka amatha mphamvu mwakachetechete, anzawo osadziwa. Ngati kutopako kwafika pokusowetsani tulo, pokuchotserani chilakolako cha chakudya, kapena pokuonetsani zonse ngati zachabe kwa milungu ingapo, kaonaneni ndi achipatala, ndipo ulembiwo mukhoza kuupatsirako wina kwa kanthawi.

Pa msonkhano ukubwerawu, musanatchule n'komwe za amuna ndi akazi, tengani pepala lalikulu mulembepo ntchito zonse za gulu za miyezi itatu yapitayi, pambali pake dzina la amene anagwira ndi maola ake. Musaiwale kuthirira, kunyamula mipando, kusesa pamalo msonkhano ukatha, ndi kusainira ndalama. Lipachikeni pakhoma onse aliwerenge, kenaka mufunse kuti chisankho chotsatira chili liti. Mukatero mundilemberenso, ndimve kuti wapampando anati chiyani.